Batire likamakalamba limaonekera pa tchaja

Foni inalira cha m'ma 5 koloko m'mawa, mwezi wa July, nyengo imene kuno ku Johannesburg udzu umadzuka utayera ndi chisanu ndipo madzi a pampopi amaluma zala. Anali alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu. Iwowa sayamba nkhani asanafunse za ana, koma tsiku limenelo moni anaudumpha.

"Alamu, matchaja a kuno akutibera. Ndakhala pano mphindi 50, galimoto sinafike ndi pa 70 peresenti pomwe. Anthu atatu andiitana pafoni, onse ndawakana."

Ndinawafunsa nambala imene inkaoneka pagalasi la tchajayo, pafupi ndi zilembo za kW, muyezo wa mphamvu ya magetsi imene ikulowa m'batire. Anati 14. Malo amene anaimawo ndimawadziwa, tchaja yake imatha kupereka mphamvu yoposa pamenepo kanayi. Ndinakhala tsonga pabedi. Mumtima ndinadziwa kale kuti mlandu suli pa tchaja, ndipo chinandipweteka kwambiri n'chakuti galimoto yamagetsiyo amene anawauza kuti aitenge ndine.

Alamu anabwera ku Joni kale ine ndisanaganize n'komwe zodzawoloka Limpopo. Anayamba ndi ntchito ya m'gadeni ku Randburg, kenako anapeza laisensi, ndipo kwa zaka zambiri akhala akunyamula anthu oitanitsa galimoto pafoni, masana n'kumaperekanso timaphukusi. Ine ntchito yanga ndi yamagetsi. Zaka za load shedding ndizo zinandiimika pa miyendo iwiri, makamaka 2023, chaka chimene magetsi anazimazima masiku oposa 300 ndipo aliyense wa kangachepe ankafuna inverter ndi batire la lithium m'nyumba mwake. Ndiye bwana wina atawapatsa alamu mwayi wotenga galimoto yamagetsi yogwirapo kale ntchito, kuti azilipira sabata ndi sabata mpaka idzakhale yawo, anabwera kwa ine ngati munthu wodziwa mabatire. Ndinayang'ana matayala, ndinayang'ana mayileji, ndinawerengera mtengo wa mayunitsi a magetsi poyerekeza ndi petulo. Masamu anatuluka bwino. Koma sindinapemphe kuti tiiyese pa tchaja yothamanga tisanasaine pepala. Safunsa anadya phula, ndipo phula limeneli ndinadyetsa banja la mlongo wanga.

Mtundu wa galimotoyo sindiutchula, chifukwa zimene zinaichitikira zimachitikira batire lililonse la lithium. Magalimoto amagetsi si achilendo kuno monga ena amaganizira. Nissan Leaf inayamba kugulitsidwa mu South Africa mu 2013, BMW i3 inatsatira mu 2015, ndipo mu 2018 makampani a Jaguar ndi GridCars anayamba kuika matchaja m'misewu ikuluikulu ngati N1 ndi N3. Zikutanthauza kuti magalimoto oyambawo apitirira zaka 10. Atsopano a BYD, Volvo kapena GWM mumawaona ku Sandton ndi ku Rosebank, koma amene amafika m'manja mwa anthu ngati ife ndi akalewo, amene eni ake oyamba atopa nawo. Choncho nkhani ya kukalamba kwa batire ndi yathu kuposa mmene ilili ya olemera.

Loweruka lotsatira ndinapita nawo, nditatenga kope limene ndimalembamo miyezo ya ntchito. Tinadikira mpaka masana, dzuwa litafunda, galimoto itayenda kale maola angapo. Tinalumikiza batire lili pa 12 peresenti. Nambala inakwera msanga kufika 41 kW, alamu n'kumwetulira, amvekere, "Mwaona, lero yakuopani." Ndinawapempha kuti tidikire. Pofika 40 peresenti inali itatsikira pa 30 kW. Pa 60 peresenti inali pa 19. Pa 75 peresenti inkakwawa pa 11. Kuchoka pa 12 kufika pa 80 panatha mphindi 55, pamene buku la galimotoyo limanena za mphindi pafupifupi 40. Titachotsa chingwe panafika mayi wina ndi galimoto yatsopano, analumikiza pa tchaja yomweyo, ndipo tinaona ndi maso athu nambala itaima pamwamba osagwedezeka kwa nthawi yaitali. Alamu sanayankhule. Anangovula chipewa n'kuchivalanso.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti tchaja sindiyo imalamula. Tchaja imangonena zimene ingathe kupereka. Wolamula ali m'galimoto, kakompyuta kotchedwa BMS, kamene ntchito yake ndi kulondera batire usana ndi usiku. Kameneka ndi kamene kamauza tchaja kuti thira zambiri, chepetsa, kapena leka. Nambala ikamatsika pagalasi paja, nthawi zambiri ndi galimoto imene yapempha kuti itsike. Zoona, pali masiku ena pamene tchaja imagawa mphamvu kwa magalimoto awiri olumikiza nthawi imodzi, kapena yatentha yokha, ndipo n'chifukwa chake ndinafuna kuona galimoto ina pa chingwe chomwecho ndisanaweruze.

Amene anakwerapo minibasi pa depoti ya Lilongwe kapena pa Wenela ku Blantyre samvutika kumvetsa mmene batire limadzazira. Minibasi ikangofika yopanda munthu, oyamba amalowa mothamanga, aliyense kusankha mpando. Ikatsala pang'ono kudzaza zinthu zimasintha. Kondakitala ayambe kukuwa kuti senderani, wina atsike kaye kuti mnzake adutse, thumba lichoke pansi likhale pamiyendo. Anthu anayi omaliza amatenga nthawi yaitali kuposa khumi oyamba. M'batire namonso, potchaja, tinthu ta lithium timachoka mbali imodzi n'kukalowa m'mipata ya graphite, mwala wakuda uja umalemba m'pensulo, ya mbali inayo. Mipata ikakhala yambiri timalowa mosavuta, ikamatha timafunika kulowa modekha. Ichi n'chifukwa chake ngakhale galimoto yatsopano imachedwa ikadutsa 80 peresenti, ndipo opanga magalimoto akamalengeza nthawi yotchajira amatchula kuyambira 10 kufika 80, osati kufika 100.

Batire lokalamba limachita zomwezo, kungoti limayamba kusenderetsa anthu minibasi isanafike ndi pakati pomwe.

Kukalambako kuli pawiri, ndipo ambiri timangodziwa kumodzi. Kumene timadziwa ndi kwa foni: inkatha masiku awiri, lero pofika masana yazima. Batire la foni ndi la galimoto ndi a banja limodzi, lija Sony inayamba kugulitsa mu 1991. Malo osungira mphamvu amachepa chaka ndi chaka. Kwachiwiri n'kumene kunawadzutsa alamu mbandakucha, ndiko kuuma kwa njira imene magetsi amadutsa m'kati mwa batire.

Pofotokozera achemwali anga madzulo ake, ndinaloza mphika umene anaphikira nsima. Nsima iliyonse imasiya nkhoko, ndipo nkhokozo sizichokera kwina, ndi ufa womwewo umene sunafike m'mbale. Pamwamba pa graphite m'batire pamamera kachikhokho kotero, akatswiri amakatcha SEI. Kamayamba tsiku loyamba batire likatchajidwa kufakitale, ndipo kakakhala kopyapyala n'kothandiza, kamateteza graphite. Koma kamakulirakulira, ndipo pokula kamadya lithium yemweyo amene akanayendetsa galimoto. Mphika wa nsima timaunyika m'madzi n'kuukwecha. Batire silikwecheka. Nkhoko za chaka chino zimakhala pamwamba pa za chaka chatha, malo n'kumachepa, ndipo lithium wotsalayo amayenera kuboola chikhokho chokhuthala kuti alowe.

Achemwali anafunsa funso labwino kuposa onse amene ndinafunsidwa sabata imeneyo. "Nanga achimwene, ngati mphika wachepa, bwanji sukudzaza msanga?"

Yankho lake lili pa malire amene BMS salola kuti adumphidwe. Batire la galimoto si chinthu chimodzi, ndi timabatire tambiri, maselo, tolumikizana mndandanda. M'magalimoto ambiri a 400 volt (volt ndi muyezo wa mmene magetsi akukankhira) mumakhala magulu pafupifupi 96, ndipo selo ya mtundu wofala wa NMC siyenera kupitirira pafupifupi 4.2 volt. Ukamakankha magetsi ambiri m'njira youma, volt imene imaoneka pa selo imakwera kuposa mmene seloyo yadzazira kwenikweni. BMS akaona kuti denga layandikira amachepetsa magetsi, ngakhale m'katimo malo akadalipo. Pa batire latsopano dengalo limafikidwa mochedwa. Pa lokalamba limafikidwa msanga, ndiye kutsika kuja kumayamba pa 35 kapena 40 peresenti m'malo moyamba kumtunda.

Palinso kutentha. Amene timakhala m'zipinda za kuseri ku Rosettenville, Turffontein kapena Mayfair tikudziwa zimene zimachitika mu June, munthu akalumikiza hita, ketulo ndi sitovu pa chingwe chimodzi chowonda. Chingwecho chimafunda, pulagi n'kuyamba kununkha. Ndazimitsapo mawaya otere kangapo m'nyumba za abale athu. Lamulo lake n'losasintha: magetsi odutsa ukawawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi, ndipo njira ikauma kutenthako kumakweranso. Batire lokalamba lili ngati chingwe chimene chawonda m'kati. Magetsi omwe lija linkalandira osadandaula lili latsopano, lero amalitenthetsa, ndipo BMS akamva kutentha amachepetsanso.

Chachitatu ndinachiona titagula kachipangizo kotsika mtengo kolowetsa pa soketi ya OBD, pansi pa chiwongolero, kamene kamatumiza nambala za batire pafoni. Maselo sakalamba mofanana. Amene ali pakati pa batire, pamene kutentha kumaunjikana, kawirikawiri amatopa msanga kuposa a m'mphepete. Pafoni paja tinaona timizere tambirimbiri, tonse pafupifupi msinkhu umodzi, koma titatu tinkathamangira m'mwamba patsogolo pa tinzake tchaja ikangoyamba kukankha. BMS sayang'ana selo yamphamvu. Amayang'ana yofookayo, chifukwa ndi imene ingapse. Kumudzi kwathu ku Dedza ngolo imayenda pa liwiro la ng'ombe yotopa, ngakhale inzakeyo ikhale yonenepa bwanji. Maselo atatu okha ndi amene ankachedwetsa galimoto yonse ya alamu.

Foni inatiuzanso nambala imene ndinayenera kuifunsa tsiku loyamba lija, ya umoyo wa batire, imene amailemba kuti SoH. Inali 76 peresenti.

Apa ndi pamene pali msampha umene ndikufuna aliyense woganiza zogula galimoto yotere aumvetse. Pa dashibodi galimoto ikadzaza imalembabe 100 peresenti, monga inkalembera ili yatsopano. Siinama, koma 100 ameneyo ndi wa chidebe chimene chaphwanyika m'mbali. Tiyerekeze batire la 40 kWh, kutanthauza mayunitsi 40 a magetsi. Lili latsopano, kuchoka pa 10 kufika pa 80 peresenti mumalowa 28 kWh. Ngati galimoto imadya 15 kWh pa makilomita 100, ndiye kuti mwagula makilomita pafupifupi 185. Batire lomwelo likatsika kufika pa 76 peresenti ya umoyo wake, kuchoka pa 10 kufika pa 80 mumalowa 21 kWh yokha, makilomita pafupifupi 140. Alamu ankaima nthawi yaitali kuti alandire zochepa. Kale galimotoyo inkapeza makilomita oposa anayi pa mphindi iliyonse ya pa tchaja, tsopano inkapeza awiri ndi theka. Ndipo pali magalimoto ena amene nthawi yake ya 10 kufika 80 siisintha kwenikweni, chifukwa kuchepa kwa malo ndi kuuma kwa njira zimabisana, mwini wake n'kumati batire lili bwino. Peresenti ndi mphindi paokha sizinena zonse. Funso loyenera n'lakuti, pa mphindi zimene ndaima pano ndapeza makilomita angati?

Kwa munthu wa muofesi amene amatchaja usiku kunyumba n'kuyenda makilomita 30 patsiku, zonsezi sangazimve n'komwe. Kwa alamu mphindi ndi ndalama. Ola limodzi la m'mawa, pamene anthu akuthamangira ku eyapoti ya OR Tambo kapena ku ntchito ku Midrand, ndi limene limalipira lendi. Sabata ikatha bwana amafuna zake zonse, kaya galimoto inayenda kaya inagona pa chingwe. Kumudzi nakonso akudikira, ya feteleza, ya fizi, ya chigayo.

Za m'mawa wa July uja zinali ndi chifukwa chinanso, ndicho chisanu. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo usiku wa June ndi July kuzizira kumafika pafupi ndi 0. Galimoto ya alamu imagona panja, pabwalo. Batire likazizira, lithium amayenda mwaulesi ndipo graphite samulandira msanga. Ukakankha magetsi ambiri nthawi imeneyo, lithium wolephera kulowa amaunjikana pakhomo n'kusanduka chitsulo pamwamba pa graphite, ngati anthu olendewera pachitseko cha minibasi. Wambiri mwa ameneyo sabwereranso ku ntchito, ndipo akachuluka amatha kumera timinga toboola kansalu kolekanitsa mbali ziwiri za selo, zimene zingayambitse moto. BMS amadziwa ngozi imeneyi, choncho batire likazizira amatsekereza magetsi kwambiri, ndipo batire lokalamba ndi limene lili pangozi yaikulu. Nambala 14 ija sinali kuba. Galimoto inkadziteteza. Magalimoto ambiri atsopano amatha kufunditsa batire ali m'njira ngati dalaivala wasankha tchaja pa mapu a galimotoyo, koma akale ambiri alibe zimenezo.

Mu December vuto limatembenuka. Dzuwa likawomba phula la pamalo oimika magalimoto, galimoto yathamanga pa N1 kuchokera ku Pretoria, ndiye muitchaje mothamanga kachiwiri kapena kachitatu tsiku lomwelo, batire limakhala lisanapole. Magalimoto amene ali ndi madzi oziziritsa batire amapirirako. Amene amangodalira mpweya amafooka msanga.

Alamu anandifunsa ngati ndi iwo anapha batire potchaja mothamanga tsiku ndi tsiku. Funso limeneli linkawadya, ndinaona pankhope. Ndinawauza zimene ndikudziwa. Ku America, a Idaho National Laboratory anatenga ma Nissan Leaf anayi a 2012 n'kumawayendetsa mumzinda wotentha wa Phoenix, awiri akutchajidwa mothamanga nthawi zonse, awiri pang'onopang'ono. Atayenda makilomita pafupifupi 80,000, onse anayi anali atataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu zawo, ndipo otchajidwa mothamangawo anaposa anzawo ndi maperesenti ochepa chabe. Kampani ya Geotab ya ku Canada, imene imatsata magalimoto ambirimbiri a makampani, inapeza mu 2019 kuti batire limataya pafupifupi 2.3 peresenti pachaka, ndipo mu 2024 inati 1.8. Mmene ndimaonera ine, kutchaja mothamanga kumawonjezera ukalamba, makamaka kukakhala kwa tsiku lililonse ndiponso kotentha, koma si mfiti yaikulu. Zimene zimadya batire mwakachetechete ndi kutentha ndi kukhala lodzaza nthawi yaitali.

Mfundo imeneyi imasokoneza nzeru yonse imene tinakula nayo pogula galimoto. Ife tinazolowera kufunsa mayileji. Galimoto yochokera ku Japan ikafika kudzera ku Dar es Salaam kapena ku Durban, choyamba kuyang'ana ndi makilomita. Koma batire limakalamba ngakhale galimoto itangoima. Chikhokho chija chimakula mofulumira batire likakhala pa 100 peresenti padzuwa. Galimoto imene yakhala miyezi pabwalo la ogulitsa, yodzaza kuti wogula akabwera aione yokonzeka, itha kukhala ndi batire lotopa kuposa inzake imene inkayenda tsiku lililonse n'kumagona m'garaja ili pa 60. Mayileji a galimoto ya alamu anali ochepa, ndipo ndi amene anandinyenga.

Tinayang'ana mapepala a chitsimikizo. Opanga ambiri amalonjeza zaka 8 kapena makilomita 160,000, ndipo amakonza kapena kusintha batire likatsika pansi pa 70 peresenti. La alamu linali pa 76. Ngakhale zaka zikanakhala kuti sizinathe, palibe akanatimvera. Chimene chimandiwawa n'chakuti lonjezo lotere limayeza kuchuluka kwa mphamvu yosungidwa, osati liwiro la kutchaja. Batire litha kukhala lamoyo pa pepala koma losathandiza kwa munthu amene amadya za tsiku lomwelo.

Kubweza galimoto sikukanatheka popanda kutaya zonse zimene anali atalipira kale. Ndiye tinabwerera ku kope langa lija, ndipo yankho linali momwemo. Kuchoka pa 12 kufika pa 60 peresenti panatha mphindi 29, n'kupeza makilomita pafupifupi 95. Kuchoka pa 60 kufika pa 80 panatha mphindi 26, n'kupeza makilomita 40 okha. Theka lachiwiri la kudikira kuja linali kutaya nthawi. Ndinawauza alamu kuti asamadikirenso 80. Afike pa tchaja batire lili pansi, cha m'ma 10 kapena 15, achotse chingwe pa 60, azipita. Kuima kawiri mwachidule kumapindula kuposa kuima kamodzi nthawi yaitali.

Sizinali zophweka kuwatembenuza. Munthu amene wayendetsa galimoto ya petulo zaka zonsezi mtima wake umakhala pansi thanki ikadzaza, ndipo kunyamuka ndi 60 ankakuona ngati kupita kumunda ndi khasu loguluka.

"Nanga ndikapeza wopita ku Vereeniging, alamu, ndimuuze kuti chiyani?"

"Mumuuze kuti apeze wina. Ulendo umodzi umenewo usakudyereni m'mawa wonse."

Chachiwiri chinali kukambirana ndi mwini nyumba imene amachita lendi. Anavomera kuti ndikoke waya wokhuthala bwino kuchoka pa bokosi la magetsi kufika pabwalo, ndi buleka yakeyake ndi kamita kowerengera mayunitsi, kuti pasadzakhale mkangano ndi anzawo okhala nawo pa mita ya prepaid. Tsopano galimoto imamwa pang'onopang'ono usiku wonse. Magetsi ochepa chotero batire lokalamba limalandira popanda vuto, ngakhale kuzizire, ndipo tinaika nthawi kuti lizimaliza kudzaza alamu atatsala pang'ono kunyamuka, lisamagone lodzaza. Kutchaja kwapang'onopang'ono mpaka pamwamba kumapatsanso BMS mpata wolinganiza maselo. Kuyambira March 2024 magetsi a Eskom anakhazikikako, ndiye usiku wambiri umatha osadukiza. Tchaja yothamanga inatsala ya masana, batire litafunda ndi kuyenda, nthawi imene makasitomala amachepa ndipo alamu amadya nkhomaliro.

Wina angafunse za mabatire amene ndimaika m'nyumba. Ambiri mwa amenewo ndi a mtundu wa LFP, umene BYD amagwiritsanso ntchito m'magalimoto ake. Amenewa amapirira kudzazidwa kufika 100 ndipo amatha maulendo ambiri otchaja asanatope, koma chisanu amadana nacho kwambiri. Choncho malangizo a galimoto ina osawatengera pa ina musanadziwe mtundu wa batire lake.

Ndi nambala ya 76 ija ili pafoni, ndi kope lili m'manja, tinapita kwa bwana wa galimoto. Sanakondwe, koma sanathe kutsutsa, ndipo anatsitsako ndalama ya pasabata. Si zambiri. Ndi zokwana kuti achemwali asiye kundiyang'ana ndi diso lija.

Maloto amene anafa ndi a Khirisimasi. Alamu ankafuna kukafika nayo kumudzi, anthu akaone galimoto yosalira, yosafuna petulo, m'dziko limene anthu amagona pamizere ya mafuta. Kuchoka kuno kufika pa Beitbridge pokha ndi makilomita oposa 500, ndiye kutsogolo kuli Harare, Nyamapanda, kutentha kwa Tete, kenako Mwanza kapena Dedza. Ndinawauza mosabisa kuti ndi batire limeneli ngakhale wa ku Durban pa N3 ungakhale ulendo wowawa, chifukwa poima paliponse batire limafika lotentha kuposa poima papitapo, ndipo kudikira kumatalikirakutalikira. Anakwera basi pa Park Station ngati chaka chilichonse.

Chimene chandilembetsa zonsezi si alamu okha. Magalimoto awa adzafika kwathu ambiri, monga anafikira a ku Japan aja, ndipo adzafika atakalamba kale. Munthu ku Lilongwe adzaona zithunzi pa intaneti, penti yowala, mipando yoyera, mayileji ochepa, n'kutumiza ndalama zimene wasunga zaka zisanu. Galimotoyo ikakatera ku Salima, ku Mangochi kapena ku Chikwawa, kumene October amawotcha ngati ng'anjo, batire lotopa kale lidzatha msanga, ndipo mtengo wa lina ungapose wa galimoto yonseyo. Zimandikhudzanso ndikaganiza kuti graphite amene lithium amalowamo uja ali pansi pa nthaka yathu, ku Malingunde ndi ku Kasiya, kufupi ndi Lilongwe komweko. Mwala udzachoka kwathu, ukazungulire maiko, udzabwerere uli m'batire limene ena alikhetsa kale mafuta, ife n'kuligula osadziwa ndi funso loti tifunse.

Mnyamata wina wa kutchalitchi kwathu, amene amagula magalimoto kuno n'kumatumiza kumudzi, anandipeza mwezi watha ndi zithunzi za galimoto yamagetsi imene ankaifuna. Ndinamuuza kuti asalipire kanthu asanaone zinthu ziwiri: nambala ya SoH yowerengedwa pamaso pake, osati yolembedwa pa pepala la wogulitsa, ndi galimotoyo ili pa tchaja yothamanga kuyambira pansi, iye ataima pomwepo ndi wotchi, akulemba kW pa 20, pa 40, pa 60 ndi pa 80. Ngati ili kutali, wogulitsa ajambule kanema wa galasi la tchaja osadula. Wogulitsayo anakana zonse ziwiri, akuti alibe nthawi. Mnyamatayo sanaigule.

Lachitatu lapitali ndinali ndi ntchito ku Edenvale, ndipo pobwerera ndinadutsa pamalo amene alamu amakonda kutchajira masana. Ndinawapeza atakhala pa mpando wa kutsogolo chitseko chili chotsegula, kontena ya nsima ndi usipa wochokera kumudzi ili pamiyendo, maso ali pagalasi la tchaja. Kope langa lija analitenga, ndipo masamba ake adzaza ndi manambala a dzanja lawo, tsiku ndi tsiku, pambali atalemba ngati kunali kozizira kapena kotentha. Anandionetsa kuti kuyambira September nambala ya pa 40 peresenti yakwerako pang'ono poyerekeza ndi ya July, ndipo anafotokoza okha kuti ndi nyengo chabe, batire silinabwerere unyamata. Tikucheza choncho foni yawo inalira, munthu wa ku Bedfordview wopita ku eyapoti. Galasi linkaonetsa 58. Anatseka kontena, anasamba m'manja ndi madzi a m'botolo, n'kukachotsa chingwe.

"Alamu, tionana Lamulungu. Mupereke moni kwa ana."